Ana Athu Ophunzira Kunja: Asatchone

(Mawu olankhulidwa pa wailesi kwa alimi ndi mafumu)

 Masiku ena pa nthawi ngati ino timakambirana za mbewu, za manyowa ndi za dibi la ng'ombe. Lero ndifuna tikambirane za ana athu amene apita kunja kwa dziko lino kukaphunzira m'sukulu za ukachenjede, zimene ambiri amati mayunivesite, ndiponso za iwo amene anatsiriza maphunziro nakhala komweko pa ntchito.

Kapena wina ati, "Zimenezo n'za anthu a ku Namiwawa ndi ku Sunnyside. Ine wa khasu zindikhudza bwanji?" Taimani pang'ono, bambo. Mukapita ku Chichiri ndi kufunsa anyamata ndi atsikana a m'sukulu zazikulu kuti kwawo n'kuti, ambiri adzatchula mudzi ndi mfumu yake. Ngakhale pa makalata a Boma munthu salemba dzina lokha ayi. Alembanso mudzi, mfumu yaikulu ndi boma lake. Ndipo fizi imene inamufikitsa pamenepo inatuluka mu nandolo, mu fodya ndi m'khola la mbuzi. Tsono mwana ameneyu akakwera ndege pa Chileka, ndi thukuta lanu limene likukwera.

Pafupi ndi siteshoni ya sitima mu Blantyre pali malo okwerera mabasi otchedwa Wenela. Achikulire adziwa kumene dzinali linachokera. Ndi dzina la kampani imene inali kulemba amuna a kuno kunka nawo ku migodi ya ku Johannesburg. Mu Epulo 1974 ndege yobweza anthu a ku migodi inagwa ku Francistown, m'dziko la Botswana, ndipo Amalawi 74 anafa. Pamenepo Boma linaletsa kulembako. M'masiku amenewo makolo athu anali ndi dzina la munthu wopita ku ulendo amene salemba kalata, satumiza kanthu, ndipo sabwera ngakhale pa maliro a mayi wake. Anali kumutcha mtchona. Funso langa madzulo ano ndi ili: kodi munthu wa digiri angathe kutchona? Angathe ndithu. Ndipo chimene ndifuna mumvetse n'chakuti kutchona kwake sikuchokera kwa iye yekha. Ifenso otsala pamudzi tili ndi mbali yathu.

Njira imeneyi ndi yakale

Tisayese kuti kuphunzira kunja kwayamba ndi ndege. Mzinda wa Blantyre weniweniwo unayamba ndi thandizo la munthu wophunzira kunja. Mu 1876, pamene Henry Henderson anali kufuna malo omangapo mishoni ya mpingo wa ku Scotland, womasulira wake anali Tom Bokwito. Ameneyu anali mmodzi wa akapolo amene anamasulidwa ndi David Livingstone mu 1861, ndipo pambuyo pake anaphunzira pa sukulu ya Lovedale ku South Africa. Anabwerera kwawo, natsogolera Mzunguyo m'dziko la mfumu Kapeni. Patapita zaka, a mishoni yomweyo anatumiza Mungo Murray Chisuse ku Edinburgh, nabwerako ali mmisiri wosindikiza mabuku. Analinso wojambula zithunzi, ndipo zina mwa zithunzi za John Chilembwe zimene tiziona lero anajambula ndi iyeyo.

Za Chilembwe nonse mudziwa, pakuti nkhope yake muiona pa ndalama. Anapita ku America mu 1897 pamodzi ndi Joseph Booth, naphunzira za ubusa ku Lynchburg m'dera la Virginia, nabwerera mu 1900 kudzayambitsa mishoni ya Providence Industrial Mission ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu. Anakhala kunja zaka zitatu zokha.

Koma amene ndifuna mumumve bwino ndi Daniel Sharpe Malekebu, mwana wa sukulu ya ku Mbombwe komweko. Mphunzitsi wake, mayi Emma DeLany, atabwerera kwawo ku America, mnyamatayo anamtsata. Anayenda wapansi kufikira ku Beira, nakwera sitima ya pamadzi. Mu 1917 anatsiriza maphunziro a udokotala pa Meharry Medical College mu mzinda wa Nashville, nakhala Mmalawi woyamba kukhala dokotala. Tsono taonani chimene chinachitika. Pamene anabwera mu 1921 kuti adzathandize anthu a kwawo, Boma la Atsamunda linamkaniza kukhala m'dziko muno, pakuti mantha a nkhondo ya Chilembwe ya 1915 anali asanathe. Anapita kukagwira ntchito ku Liberia. Munthu wina akanataya mtima pomwepo. Iye anapirira, ndipo mu 1926 analoledwa kubwera natsegulanso mishoni ya ku Mbombwe. M'zaka zisanu zija kapena anthu ena anali kunena kuti mwana wa uje anatchona. Koma sanatchone; anamtsekera khomo.

Pa sukulu yomweyo ya Meharry anaphunziraponso Dr. Hastings Kamuzu Banda, amene anatsiriza mu 1937, napitiriza ku Edinburgh, nagwira ntchito ya udokotala ku Liverpool, ku London ndi ku Kumasi m'dziko la Ghana. Pamene anatsika ndege pa Chileka pa 6 Julayi 1958, anali atakhala kunja zaka zoposa 40, ndipo polankhula kwa anthu a mtundu wake anafuna womasulira. Chimenechi tichisunge, tidzabwererako.

M'masiku amenewo sekondale zinali zowerengeka. Blantyre Secondary School inatsegulidwa mu 1940, ndipo wopambana pamenepo analibe kopita m'dziko muno. Henry Masauko Chipembere ndi Orton Chirwa anapita ku Fort Hare ku South Africa. Kanyama Chiume ndi David Rubadiri anapita ku Makerere ku Uganda. Orton Chirwa anapitirira ku London nabwera mu 1958 ali loya, ndipo mkazi wake Vera Chirwa anadzakhala mayi woyamba wa dziko lino kukhala loya. Wina, Legson Kayira wa ku Chitipa, ananyamuka wapansi mu 1958 nafika mpaka ku Khartoum m'dziko la Sudan, kuti apeze njira ya ku America. Ulendo wake anaulemba m'buku lotchedwa I Will Try. Ambiri mwa anthu awa anabwera kudzamenyera ufulu umene tinalandira mu 1964. Koma tinene zoona: mkangano wa nduna wa chaka chomwecho unathamangitsanso ambiri a iwo. Chipembere anafera ku America mu 1975. Orton Chirwa anafera m'ndende ya Zomba mu 1992. Rubadiri anaphunzitsa ana a eni ku Uganda, ku Kenya ndi ku Botswana zaka zambiri, nadzatsogolera Yunivesite ya Malawi mu 2000 atakalamba kale. Zaka zonse zija nzeru zake zinadyedwa ndi ena.

Mbande zowoka msanga

Yunivesite yathu yoyamba inayamba kuphunzitsa mu Sepitembala 1965 ku Chichiri, ndi ophunzira 90. Chancellor College inasamukira ku Zomba mu 1973, koma Polytechnic inatsala mu Blantyre, ndipo kuyambira 2021 ili payokha ndi dzina la MUBAS. Ya ulimi ili ku Bunda, ina ili ku Mzuzu, ndipo ina ya sayansi inatsegulidwa ku Thyolo mu 2014. Kotero lero mwana safunikanso kuyenda wapansi mpaka ku Khartoum kuti apeze digiri yoyamba.

Nkhani ya madokotala itiphunzitsa kanthu. Kufikira 1991 m'dziko muno munalibe sukulu ya udokotala. Ana ochenjera anali kutumizidwa kunja atangotuluka ku sekondale, ndipo ambiri sanabwerere. Sikuti anali oipa mtima. Mnyamata wopita asanakwane zaka 20, nakhala kumeneko zaka zisanu ndi chimodzi kapena kuposa, akwatira komweko, abala ana komweko, ndipo matenda amene awazolowera ndi a anthu a komweko. Inu alimi a fodya mudziwa kuti mbande ikachoka ku nazale igwira mizu m'munda umene yawokedwa. Chifukwa chake mu 1991 sukulu ya udokotala inatsegulidwa pafupi ndi chipatala cha Gulupu mu Blantyre, kuti ana aziphunzira akuona malungo, chifuwa chachikulu ndi matenda a amayi a kwathu kuno. Oyamba kutsiriza, mu 1992, anali atayambira ku Britain nadzamalizira kuno. Sukuluyo tsopano ili m'yunivesite yotchedwa KUHeS.

Munamvapo mawu akuti mu mzinda wa Manchester muli madokotala a Chimalawi ambiri koposa m'Malawi monse. Mawuwa anafala kwambiri, koma a wailesi ya BBC atawafufuza mu 2012 anapeza kuti si oona. Chimene chili choona n'chakuti chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 anamwino athu ambiri anapita ku Britain, zipatala zathu nizitsala zopanda anthu, kufikira kuti mu 2005 Boma, mothandizidwa ndi Britain ndi bungwe la Global Fund, linawonjezera malipiro a antchito a zaumoyo ndi 52 pa 100 iliyonse kuti akhazikike.

Tsono maganizo anga ndi awa, ndipo ndi anga ndithu: ngati mwana wapeza malo pa yunivesite ya kuno, ayambe waphunzira kuno. Akakhwima, nadziwa ntchito yake ndi anthu ake, apite kunja kukawonjezera. Digiri yachiwiri ku Britain itenga chaka chimodzi. Yachitatu, imene munthu atchedwa nayo dokotala wa maphunziro, itenga zaka zitatu kapena zinayi. Wopita ali ndi ntchito yomdikira ndi banja lomdikira ali ndi chingwe chomkoka.

Asanapite

Pali njira zoona zopitira. Boma la Britain lili ndi thandizo lotchedwa Chevening, ndipo wolandira alonjeza kubwerera kwawo zaka ziwiri atatsiriza. Pali la Commonwealth limene linayamba mu 1959, pali la Beit Trust limene lithandiza ana a Malawi, Zambia ndi Zimbabwe, pali la Fulbright la ku America, ndipo maboma a India ndi China nawonso amapereka malo. Onsewa amalengeza poyera, ndipo amasankha poona makalata a mayeso ndi ntchito ya munthu. Palibe mmodzi wa iwo amene amati, "Yambani mwatumiza ndalama pa nambala ya foni iyi kuti dzina la mwana wanu lilowe."

Ndanena zimenezi chifukwa cha madobadoba. Monga mumawapeza pa khomo la maofesi a mu Blantyre ndi mu Limbe akuti adzakufulumizitsirani pasipoti, momwemonso alipo amene agulitsa malo a sukulu za kunja. Abwera ndi kalata yokongola ya chidindo, nati malo atsala awiri okha, mawa kutseka. Bambo agulitsa ng'ombe, amalume agulitsa dimba. Mwana afika kumeneko napeza kuti sukuluyo ndi zipinda ziwiri pamwamba pa sitolo, kapena kuti thandizo lija linali la miyezi itatu yokha. Safunsa anadya phula. Ku Lilongwe kuli bungwe la Boma loyang'anira sukulu zazikulu, lotchedwa National Council for Higher Education, ndipo ndilo limayesa makalata a maphunziro ochokera kunja. Funsani kumeneko ngati sukuluyo ili yodziwika, mwana asanapite, osati atabwera ndi pepala limene palibe adzalilandira. Wa udokotala afunsenso ku Medical Council. Akazembe a mayiko amenewo alinso ku Lilongwe komweko. Pa ana aakazi chenjerani koposa: munamva mu 2024 za amayi a kuno amene analonjezedwa ntchito zabwino ku Oman nakasanduka ngati akapolo m'nyumba za eni.

Amene mufuna kulipira nokha, werengani bwino. Fizi ya kunja ilipiridwa m'madola kapena m'mapaundi, koma inu mugulitsa mbewu m'makwacha. Mu Meyi 2022 mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 25 pa 100, ndipo mu Novembala 2023 inatsitsidwanso ndi 44 pa 100. Dola imodzi imene ku banki inali pafupi K1,180 inafika K1,700 tsiku limodzi. Ndiko kuti bambo amene anayenera kutumiza madola 1,000 anagona akufuna K1,180,000, nadzuka akufuna K1,700,000, chimanga chake m'nkhokwe chili chomwecho. Ana ena analekera panjira chifukwa cha chimenechi. Inu mafumu, munthu akabwera kuti mumchitire umboni pogulitsa munda wa mbumba chifukwa cha sukulu ya kunja, musafulumire. Itanani mwini mbumba ndi alongo ake. Funsani kuti ndalamazo zidzafika chaka chingati, nanga chaka chachiwiri mudzagulitsa chiyani. Munda ugulitsidwa kamodzi, koma fizi ibwera chaka ndi chaka.

Moyo wa kumeneko

Ana athu akatumiza zithunzi pa WhatsApp, ataima m'chipale chofewa atavala jekete lalikulu, kumbuyo kuli nyumba zosanjikizana, ife timati mwana wafika ku chuma. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndalama imene wophunzira alandira inawerengedwa kuti ikwane munthu mmodzi: chipinda, chakudya, basi ndi mabuku. Lendi ya kachipinda kamodzi imadya gawo lalikulu. Ku Britain lamulo lilola wophunzira wa digiri wochokera kunja kugwira ganyu maola 20 okha pa sabata nthawi ya sukulu, ndipo ku America ndi chimodzimodzi, makamaka pa sukulu pomwepo. Akapyola, angathe kulandidwa chilolezo. Ganyuyo nthawi zambiri ndi yotsuka mbale, yokolopa, kapena yosambitsa nkhalamba za eni usiku, m'mawa n'kulowa m'kalasi. Ku Edinburgh mu Disembala dzuwa lilowa 4 koloko isanakwane. Munthu angathe kutha sabata osamva mawu amodzi a Chichewa, ndipo woyandikana naye chipinda sadziwa ngakhale dzina lake. Mwana wokulira ku Ndirande kapena ku Bangwe, kumene sungadutse khomo la munthu osapereka moni, chimenechi chimamdwalitsa mumtima. Nkhondonso sizisankha mlendo: pamene inabuka ku Ukraine mu Febuluwale 2022 ndi ku Sudan mu Epulo 2023, ophunzira ambiri a mu Africa anathawa ndi kachikwama kokha.

Tsono mwana ali m'mavuto otere, foni ilira. Achimwene afuna feteleza. Azakhali afuna malata. Msuweni amene sanamlemberepo n'kale lonse afuna foni yatsopano. Onse ati, "Si uli kunja iwe?" Mwezi woyamba atumiza pa Mukuru, nadzimana chakudya. Mwezi wachiwiri akongola kwa mnzake. Mwezi wachitatu aona nambala ya kumudzi, nangoiyang'ana mpaka ileke kulira. Apa ndi pamene kutchona kumayambira, anzanga. Sanadane nanu ayi. Wachita manyazi, ndipo watopa. Kodi ndi liti munamuimbira osapempha kanthu, kungomuuza kuti mvula yagwa, mbuzi yake ija yaswa awiri, ndipo agogo akumfunsa?

Pali njira inanso yotchonera. Chilolezo cholowera m'dziko la eni chili ndi ntchito yake ndi tsiku lake lothera. Wopita ndi chilolezo cha sukulu akasiya sukulu, kapena tsiku likapyola iye osachoka, asanduka wobisala. Mu Novembala 2023 achinyamata 221 ananyamuka kukagwira ntchito m'minda ya ku Israel, ndipo mu 2024 Amalawi 12 anabwezedwa chifukwa anasiya mindayo nakafuna ntchito zina. Kubwezedwa kuli bwino pang'ono. Woipa ndi moyo wa amene abisala zaka khumi: sangapite kwa apolisi akaberedwa, aopa chipatala, ndipo amayi ake akamwalira sangabwere, pakuti akatuluka sadzalowanso. Ngati mwana wanu walephera mayeso kapena ndalama zamthera, muuzeni msanga kuti abwere. Musamuuze kuti "tidzaona nkhope zathu kuti." Kwanu n'kwanu, m'thengo mudalaka njoka.

Mlandu wa nyumba

Pali mlandu umene mafumu a m'mbali mwa tauni, ku Machinjiri, ku Chigumula, ku Mpemba ndi ku Lunzu, aumva kawirikawiri. Mwana watsiriza sukulu, wapeza ntchito kunja, ndipo afuna kumanga kwawo kuti adzabwere. Atumiza ndalama kwa mbale wake zaka zitatu. Mbaleyo atumiza zithunzi: nayi maziko, nayi njerwa zafika pa windo, nawa malata. Tsiku lofika mwini wake apeza thengo, kapena apeza kuti nyumba ya m'zithunzi ija ndi ya munthu wina, kapenanso kuti puloti yomweyo inagulitsidwa kwa anthu awiri. Munthu wotere akakwera ndege kubwerera, mudzamuonanso? Ndipo akafika auza anzake onse. Puloti imodzi yogulitsidwa kawiri ithamangitsa anthu khumi amene anali kuganiza zomanga. Inu mafumu, ndikupemphani ndi ulemu wonse: chidindo chanu chikhale chimodzi pa malo amodzi, ndipo wodya ndalama za mbale wake wa kunja mumuweruze monga muweruza wakuba mbuzi, ngakhale mwini mlandu ali kutali.

Momwemonso ndi gawo lake la munda. Kuno kum'mwera, kumene malo ayenda ndi mbumba, mwana wamkazi akapita kukaphunzira, ena amayamba kulima gawo lake nati wophunzira safuna khasu. Libwerekedwe, lisalandidwe. Munthu amene adziwa kuti ali ndi pake pamudzi amabwera.

Okhala kunja osatchona

Si onse okhala kunja amene ali matchona. Samson Kambalu anaphunzira ku Chancellor College, napita ku England, nakhala mphunzitsi wa zaluso pa yunivesite ya Oxford. Mu 2022 chosema chake cha John Chilembwe atavala chipewa chinaimikidwa pa bwalo la Trafalgar Square pakati pa London, mu likulu la iwo amene anali kuletsa munthu wakuda kuvala chipewa pamaso pa Mzungu. William Kamkwamba, mwana wa mlimi wa ku Wimbe m'boma la Kasungu, anasiya sekondale pa njala ya 2002 chifukwa chosowa fizi, napanga makina opukusa magetsi ndi mphepo kuchokera ku zitsulo zotayidwa. Anatsiriza digiri pa Dartmouth College ku America mu 2014, ndipo bungwe lake la Moving Windmills lagwira ntchito za madzi ndi za sukulu kwawo. Ndipo pamene namondwe wa Freddy anagumula phiri la Soche mu Malichi 2023, nakwirira nyumba ku Chilobwe, Amalawi okhala kunja anasonkha ndalama zothandizira ovutika.

Kale munthu akatenga unzika wa dziko lina anali kutaya wa kuno. Mu Disembala 2018 Nyumba ya Malamulo inasintha lamulolo, kotero kuti tsopano Mmalawi angathe kukhala nzika ya mayiko awiri. Khomo limene linatsekedwa latseguka. Chotsala ndi chilankhulo. Kumbukirani womasulira wa Dr. Banda uja. Adzukulu anu obadwira ku Leeds kapena ku Pretoria akalankhula pa foni, alankhuleni Chichewa, kapena Chiyao, kapena Chilomwe, ndipo akaphonya musawaseke. Mwana wosekedwa kamodzi sayesanso.

Akabwera

Mawu awiri kwa inu ophunzira, ngati alipo amene akumva. Mukabwera musayambe ndi kunyoza. Ndikuuzeni za chimanga. Zaka zambiri alangizi anali kulimbikitsa chimanga cha haibulidi chobereka kwambiri, koma alimi ambiri anakana kuchidya, ndipo ophunzira ena anati alimi ndi osamva. Chifukwa chake anachidziwa ndi amayi a pa mtondo: chimangacho chinali chofewa, pokonola chinali kuphwanyika ndi kutayika m'gaga, ndipo anankafumbwe anali kuchimaliza msanga m'nkhokwe. Akatswiri a Chimalawi a ku Chitedze atamvera zimenezi, mogwirizana ndi bungwe la CIMMYT la ku Mexico, anatulutsa mu 1990 mbewu za MH17 ndi MH18, zolimba ngati chamakolo koma zobereka ngati haibulidi. Pamenepo alimi anazilandira. Nzeru za m'mabuku zinayamba kugwira ntchito tsiku limene zinakhala pansi ndi kufunsa mayi wosinja. Tsono mukafika pamudzi, yambani mwakaonekera kwa mfumu, mupite pa manda a amene anamwalira muli kutali, ndipo pa bwalo mulankhule chilankhulo chimene agogo anu akumva.

Ndipo inu a pamudzi, wobwera musamlandire ndi nsanje. Ena amaopa kubwera chifukwa cha mawu akuti akamanga nyumba ya malata adzalodzedwa. Ena abwera ndi digiri ziwiri nakhala chaka chathunthu akuyenda ndi envulopu mu Victoria Avenue osapeza ntchito, ndipo pamudzi tiwaseka kuti sukulu yonse ija yapita pachabe. Munthu wosekedwa motero akalandira kalata yomuitana kunja sachedwa kumanga katundu. Akuluakulu anati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Wophunzira za madzi mumuike m'komiti ya mjigo. Wa zamalamulo akuwerengereni makalata a malo musanadinde. Wa zaulimi mumpatse kachigawo ayesepo, muone ndi maso.

Chomaliza ndi pempho kwa anyakwawa. Pa msonkhano wanu wotsatira tengani kope, mulembe ana onse a m'mudzi mwanu amene ali kunja: dzina, dziko, sukulu kapena ntchito, ndi mwezi umene abale anamva mawu ake komaliza. Mukapeza wina amene patha chaka osamveka, itanani amalume ake, ndipo ngati kuli kofunika nkhaniyo ipite kwa Bwanamkubwa wa boma lanu kuti afunse ku Unduna wa Zakunja ndi kwa kazembe wathu wa kumeneko. Kalata yoyamba yopita kwa iye isakhale ya feteleza.

Sabata ya mawa pa nthawi yomwe ino tidzakambirana za kasungidwe ka chimanga m'nkhokwe.